Za Chithunzi Chija cha pa Phiri la Sanqing

Ambiri a inu munachiona chithunzi chija. Ena munachiona ndi maso anu pa foni za ana, ena munangomva kwa amene anachiona, ndipo mudziwa inu nomwe kuti nkhani yoyenda pakamwa imafika itanenepa. M'chithunzimo muli nkhalamba ya imvi, yovala jekete lakuda limene mumaliona Lamulungu lililonse, itawerama m'nyumba ya miyala yodzala ndi utsi wa lubani, ndipo patsogolo pake pakhala mafano atatu. Sindikana, nkhalambayo ndine, mkulu wa mpingo wanu kwa zaka 22. Akulu anzanga atandiitana kuti ndifotokoze, anandimvetsera moleza mtima kufikira nditatsiriza, kenaka anagwirizana kuti zimene ndinanena m'chipinda muja ndizilembe, kuti mpingo wonse umve kuchokera kwa mwini nkhani. Ndicho chifukwa chake ndapempha malo m'tsamba lino. Koma chithunzi chimagwira kamphindi kamodzi kokha, pamene tsikulo linali lalitali, motero mundilole ndiyambire patali.

Mwana wathu wachisamba anapita ku China mu 2012 kukaphunzira za kumanga misewu ndi milatho. Atatsiriza anapeza ntchito komweko, ndipo mu 2018 anakwatira mkazi wa m'boma la Yushan, m'chigawo cha Jiangxi. Ku ukwatiwo sitinapite. Panalibe ankhoswe amene anakumana, panalibe nkhuku imene inaphedwa, tinangolandira zithunzi. Mayi akunyumba analira masiku awiri, osati chifukwa chodana naye mtsikanayo, koma chifukwa sanadziwe kuti adzacheza naye m'chinenero chanji. Kenaka mliri wa korona unatseka njira kuyambira 2020 mpaka kuchiyambi kwa 2023. Mdzukulu anabadwa, anakwawa, anayenda, ife tikungomuonera pa foni. Mu Meyi 2024 anawo anatumiza ndalama za ulendo. Mayi sanathe kupita chifukwa cha nyamakazi ya m'maondo, tsono ndinanyamuka ndekha: chapa mpaka pa malire a Calómuè, basi mpaka Lilongwe, ndege mpaka Addis Ababa, ina mpaka Shanghai, kenaka sitima ya pamtunda yaliwiro kotero kuti midzi inkangophethira pa zenera.

Asewere anga, bambo a mkazi wa mwana wanga, anatilandira pakhomo pawo. Ndi bambo aafupi, aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, osayankhulayankhula. Tsiku lachiwiri kunatentha, iwo anavula malaya, ndipo ndinaona kuti pa mapewa awo pali zotupa ziwiri zouma, zonga linunda la ng'ombe. Mwana wanga anandinong'oneza kuti pa zaka zawo za nyonga ankanyamula katundu kukwera naye phiri, simenti, mpunga, njerwa, atamukoleka uku ndi uku pa mtengo wa nsungwi. Ntchitoyo inawasiyira nyumba ya njerwa, mwana wophunzira, ndi bondo lakumanzere losapindika bwino. Akazi awo anamwalira mu 2021. Ine sindidziwa Chitchaina, iwo sadziwa Chichewa kapena Chipwitikizi, motero kucheza kwathu kunali kwa kuthirirana tiyi ndi kugwedezerana mitu.

Madzulo a tsiku lachitatu ananena mawu angapo, mwana wanga namasulira: mawa tikwera phiri, pakuti mlendo wochokera kutali chotere sangabwerere asanalione. Titatsala awiri, mwanayo anati, “Bambo, ndikuuzeni zoona. Pamwamba pali kachisi. Chimwalirire mayi aja, iwo amapitako chaka chilichonse kukafukiza lubani. Ngati simufuna, ndiwauza kuti mwatopa.”

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Domwe, ndipo ndinawamva agogo anga akusimba za kachisi wa patsinde pa mtengo, kumene ankathira ufa ndi mowa mvula ikakana. Bambo anga atabatizidwa anatiletsa ngakhale kudyetsa mbuzi pafupi ndi malo otero, ndipo lamulo limenelo linandilowa m'mafupa. Komabe ndinaona kuti kunena kuti ndatopa pamene sindinatope ndi bodza, ndipo bodza silisanduka choonadi chifukwa chakuti lanenedwa pothawa fano. Ndinaonanso kuti munthuyu anandipatsa mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo popanda kundiona nkhope, ndipo ichi chinali chinthu choyamba kundipempha. Kunja kusanache ndinapemphera, ndinavala nsapato, ndinatuluka.

Phirilo dzina lake ndi Sanqing, kapena Sanqingshan, ndipo lili kumpoto chakum'mawa kwa Jiangxi, m'dera la mzinda wa Shangrao. Dzinalo litanthauza Oyera Atatu, milungu itatu imene ili pamwamba pa ina yonse m'chipembedzo cha Tao. Phirili lili ndi nsonga zitatu zazikulu, Yujing, Yuxu ndi Yuhua, ndipo anthu akale ataziyang'ana anati zikufanana ndi atatuwo atakhala pa mipando yawo. Yujing ndiyo yaitali, mamita oposa 1,800. Pa kutalika kokha Domwe wathu sangachite nalo manyazi. Chodabwitsa chake chili m'maumbidwe. Lonselo ndi mwala wa granite, womwe uja wa matanthwe akwathu pamene amayi amayanika ufa, koma kumeneko thanthwelo linang'ambika ming'alu yoimirira, ndipo madzi ndi chisanu zakhala zikulowa m'ming'alumo kwa zaka zosawerengeka, kudya pang'onopang'ono, mpaka panatsala zipilala zoonda, zoima pazokha ngati mitsi. Bungwe la UNESCO, polilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2008, linawerenga nsonga 48 ndi zipilala 89.

Gawo loyamba tinakwera pa kagalimoto kolendewera pa chingwe, kochokera ku malo otchedwa Jinsha. Asewere anayang'ana pansi, analoza kanjira kokhotakhota m'nkhalango, kenaka anadzigunda pa phewa. Apo sipanafunike womasulira. Titatsika anandipatsa ndodo yawo ya nsungwi, yosalala ndi thukuta la zaka zambiri, iwo natenga ina yatsopano. Tinali asanu: nkhalamba ziwiri, mwana wanga, apongozi anga, ndi mdzukulu wa zaka 4 amene nthawi zambiri anali pa khosi pa bambo wake.

Miyala yambiri ya kumeneko ili ndi maina, ndipo ina kuti uone chimene akunena uyenera kupendeketsa mutu ndi kukhulupirira womuuza. Koma iwiri siifuna kukufotokozera. Wina ndi wonga mayi wokhala pansi, tsitsi lofika m'mapewa, wamtali mamita 86. Winawo amautcha Nsato, ndipo ndi nsatodi: chipilala chimodzi cha mamita 128, choonda pakati, chotupa kumutu, chodzuka kuchokera m'chigwa monga imachitira njoka ikamva mapazi. Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa. Apongozi anandiuza kuti mu 2017 anthu atatu anakwera mwalawo mobisa, akuboola ndi kukhomera zikhomo zachitsulo 26 kuti apeze popondapo. Anagwidwa, mlandu unapita ku bwalo, ndipo mu 2019 analamulidwa kulipira ma yuan 6 miliyoni, awiri a iwo napatsidwanso chilango cha ndende. Ndinaganiza za mapiri akwathu amene tawameta mpala ndi makala popanda wofunsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kuchokera pamenepo njira yopita ku kachisi imadzera m'mbali mwa phiri chakum'mawa. Ndikati njira, musaganize za njira yopita kudimba. Ndi khonde la simenti, lopapatiza, lomatidwa pa khoma la thanthwe, pa msinkhu wa mamita pafupifupi 1,600. Kudzanja limodzi kuli mwala wopita kumwamba, kudzanja linalo kuli kampanda kofika m'chiuno, ndipo kuseri kwa kampandako kulibe kanthu. Njirayi ndi inzake ya kumadzulo amazitcha magombe, ngakhale nyanja ili kutali, chifukwa masiku ambiri mitambo imadzaza zigwa n'kukhala ngati madzi. M'mawa umenewo kunali nkhungu, ndipo ndinkayenda bwinobwino, ndikuyamikira mitengo ya paini yomera m'ming'alu mopanda dothi, ndi maluwa ofiirira a mwezi wa Meyi. Ndinaonanso kuti amisiri akapeza mtengo panjira sankaudula, ankausiyira bowo m'simenti kuti upitirire kukula.

Kenaka mphepo inakankha nkhungu ija, ndipo ndinaona pansi.

Sindidziwa ngati mudzandikhulupirira, inu amene mumandidziwa kuti ndinayendapo usiku m'tchire ndi ana kumsana nthawi ya nkhondo, koma miyendo inandithawa. Chizungulire chinandigwira, maondo anayamba kuombana, ndipo ndinakakamira thanthwe ndi manja onse awiri ngati buluzi. Kupita patsogolo ndinalephera, kubwerera ndinalephera. Mwana wanga anali atatsogola ndi banja lake, atakhota kale pa ngodya. Anthu ankandilambalala mwaulemu. Asewere anabwerera. Sananene kanthu, sanaseke. Anaima mbali ya kuphompho, pakati pa ine ndi kampanda kaja, anatenga dzanja langa nalikoleka pa mkono wawo, ndi dzanja linalo analoza pansi pa mapazi athu, kutanthauza kuti ndiziyang'ana simenti yokha. Tinayenda chotero mtunda wautali, munthu wa bondo lolemala akutsogolera munthu wa miyendo yabwino. Pamene tinawapeza ana aja, iwo anandisiya msanga, kuti mwana wanga asaone atate wake akugwiridwa.

Kachisiyo ali chakumpoto, pa kachidikha ka mamita oposa 1,500, pakati pa mitengo ndi timaiwe. Zambiri zimene zilipo lero zinamangidwa m'zaka za m'ma 1450, mu ufumu wa Ming, ndipo pafupifupi zonse ndi za mwala wa paphiri pomwepo: zipata, timilatho, tinsanja, manda, ndi zinyama zosemedwa zimene ndere zazidya nkhope. Tisanafike pa nyumba yaikulu, apongozi anandionetsa kachitsime kakang'ono kozunguliridwa ndi miyala. Anati mbiri ya pamalopo imanena kuti mpamene ankatunga madzi Ge Hong, munthu wophunzira amene anakhala ndi moyo kuyambira cha m'ma 283 mpaka 343, ndipo amamuyesa woyambitsa chipembedzo cha Tao paphiripo. Iyeyu ankafunafuna mankhwala oti munthu asafe. Ankaphika miyala ndi zitsulo m'ng'anjo, pokhulupirira kuti chinthu chosaola chikalowa m'thupi, thupinso silidzaola. Mankhwala amtunduwo anali ndi poizoni, ndipo m'zaka za pambuyo pake anapha anthu ambiri, pamodzi ndi mafumu ena aakulu a mu ufumu wa Tang.

Ndinali pafupi kupukusa mutu ndi chisoni cha munthu wodziwa bwino, pamene apongozi, amene amagwira ntchito ya zamankhwala, anaonjezera kanthu kena. Ge Hong yemweyo analembanso kabuku ka mankhwala a mwadzidzidzi, othandiza anthu osauka. M'menemo analangiza kuti wodwala malungo obwerezabwereza aviike m'madzi chitsamba chotchedwa qinghao, achifinye, amwe madziwo. Patapita zaka zoposa 1,600, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, mayi wina wasayansi, Tu Youyou, amene gulu lake linkavutika kupeza mphamvu ya chitsambacho pochiwiritsa, anawerenga malangizo aja nazindikira kuti sanatchule za moto. Anayesa njira yosatentha kwambiri, ndipo mankhwala otchedwa artemisinin anapezeka. Mayiyo analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Coartem amene timalandira ku chipatala malungo akatigwira amachokera ku mankhwala amenewo.

Ndinakhala pansi pa mwala. Ena a inu mukumbukira kuti mwana wathu wachiwiri tinamusiya m'manda ku Malawi mu 1988, tili othawa nkhondo, ndipo anali malungo. Mukudziwanso kuti adzukulu athu a kuno amadwala malungo chaka ndi chaka, namwa timapiritsi tachikasu tija, nadzuka kukasewera. Sindinadziwe kuti njira ya timapiritsito inadzera m'manja mwa munthu wofukiza lubani kwa Oyera Atatu. Chimene ankachifuna ndi mtima wonse sanachipeze, pakuti anafa monga afera anthu onse. Koma Mlengi wa chitsambacho anamulola kuona kanthu kena m'mbali mwa njira, ndipo kanthuko kafika mpaka m'midzi ya ku Angónia. Ndinanyamuka pamwalapo nditachepa pang'ono.

Tsopano ndafika pa chithunzi chija. Nyumba ya Oyera Atatu si yaikulu monga ndinkaganizira. M'katimo ndi mwamdima ndi mozizira, makoma akuda ndi utsi. Wansembe wovala mkanjo wobiriwira modera, tsitsi atalimanga mfundo pamwamba pa mutu, anakhala pambali osalabadira za ife. Mwana wanga anatsalira panja kukagula madzi. Asewere anatulutsa timitengo ta lubani m'thumba, anapatula titatu, nandipatsa ndi manja awiri. Umu ndimo mmene amalemekezera munthu kwawoko. Mtima unagunda. Mawu oti ndikanire ndinalibe, tsono ndinachita monga tichitira kwathu pokana chinthu kwa munthu wamkulu: ndinaomba m'manja mofatsa katatu, ndinaika dzanja pachifuwa, ndinapukusa mutu. Anandiyang'ana kanthawi. Sanakwiye. Anagwedeza mutu, nabweza timitengoto m'dzanja lawo pamodzi ndi tawo.

Anayatsa lubani, anamuzika m'phulusa la mumphika waukulu wa pakhomo, ndipo tinalowa. Ine ndinaima chakumbuyo, manja kumsana. Pansi panali mitsamiro yogwadira. Asewere anayesa kutsika, bondo lija linakana. Anayesanso atagwira ndodo, ndodo inaterera pa mwala wosalala, ndipo anadzandira. Pamenepo anatembenuka, anandiyang'ana, natambasula mkono, womwe uja umene ndinaukolekera pa phompho.

Abale anga, nthawi yoti ndifunse bungwe la akulu panalibe. Ndinapita. Ndinawagwira m'khwapa ndi m'chiuno, ndinawatsitsa pang'onopang'ono mpaka maondo awo anafika pa mtsamiro. Munthu sungatsitse mnzako pansi iwe uli chiimire ngati mlongoti. Msana wanga unapindika, mutu wanga unatsika. Apongozi, ataima pakhomo, anaona nkhalamba ziwiri zogwirana, zinawakomera mtima, anajambula, ndipo madzulo ake anatumiza kwa abale kuno ndi chimwemwe chokhachokha. Iwo alibe mlandu. Asewere anagunditsa mphumi pansi, milomo ikugwedera, misozi ikutsikira m'makwinya. Ine ndinaweramuka ndi kuima pambali pawo, maso anga ali pa nsana wawo, ndipo mumtima ndinkatchula dzina la Ambuye wanga Yesu, kuwapempherera iwo ndi kudzipempherera ndekha. Atatha anakweza dzanja, ndinaweramanso, ndinawadzutsa.

Bondo langa silinagunde pansi, lubani sindinayatse, ndipo mafano aja sindinawapatse ulemu uliwonse, ngakhale wa m'maganizo. Sindinabwerere kuno ndi chiphunzitso chakuti njira zonse zimathera pamodzi; sindikhulupirira zimenezo, ndipo asewere nawonso sindiyesa kuti angavomere. Mawu akuti Tao atanthauza njira, ndipo mwana wanga anandionetsa kuti m'Baibulo la Chitchaina ndi mawu omwewo amene anawagwiritsa ntchito pa chiyambi cha Uthenga wa Yohane, pamene ife timati Mawu. Zimenezo zinandipatsa chiyembekezo chakuti pali poyambira kukambirana. Koma poyambira si pothera.

Mmodzi wa akulu anzanga, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, anandikumbutsa za anyamata atatu a ku Babulo amene anasankha ng'anjo ya moto m'malo mowerama. Anandikumbutsanso kuti ofooka m'chikhulupiriro amaona msana wopindika, saona za mumtima. Mawu achiwiriwa ndi oona, ndipo ngati pali wina amene anakhumudwa kapena kusokonezeka ndi chithunzicho, ndikupempha kuti andikhululukire. Koma pa mawu oyambawo ndinayankha kuti anyamata aja analamulidwa kupembedza, pamene ine ndinapemphedwa mkono. Nkhani imene inandibwerera paphiri paja ndi ya Namani, m'buku lachiwiri la Mafumu, mutu 5. Ndaiphunzitsa kambirimbiri ku Sande sukulu, koma nthawi zonse ndinkathera pa kusamba mu Yordano, kapena kudumphira kwa Gehazi. Pakati pamenepo pali ndime imene ndinkailumpha. Namani atachira nalonjeza kutumikira Yehova yekha, anaulula nkhawa yake: mbuye wake polowa m'nyumba ya Rimoni amatsamira pa mkono wake, ndipo mbuyeyo akawerama, iyenso amawerama. Mneneri Elisa sanamudzudzule, sanamupatsenso lamulo loti aliyense azitero. Anangomulola apite mumtendere. Sindifuna kuimika nyumba yaikulu pa ndime yaing'ono. Ndingonena kuti ndinapeza kuti funso langa silinali lachilendo pamaso pa Mulungu. Ndipo mutandibwezera pamalo paja lero, nkhalamba ija ikudzandira, ndikhoza kuigwiranso.

Chimene chimandisowetsa tulo si chimene chili m'chithunzi. Ndi china chimene palibe anachijambula, ndipo ndikuchinena chifukwa ndinalonjeza kunena zonse. Asewere atadzuka, mdzukulu uja analowa chothamanga. Iwo anamuitana, anagwira timanja take, anatiphatikiza, dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja monga achitira iwo, namuweramitsa katatu. Mwanayo ankaseka, poyesa masewera. Ine ndinaima pomwepo ngati chitsa. Ndinafuna kumukoka, koma ndi ulamuliro wanji, m'dziko la eni, pa mwana amene ndinali nditamudziwa masiku anayi okha, pamaso pa agogo amene anamulera kuyambira ali wakhanda? Ndinakhala chete, ndipo kufikira lero sindidziwa ngati kunali kudekha kapena mantha.

Pobwerera tinadzera njira ya kumadzulo, yotalika makilomita pafupifupi 4. Dzuwa linali litapendeka, mitambo itadzaza zigwa zonse kuti mbee, nsonga za miyala zikutuluka pamwamba pake ngati zilumba. Anthu ankafuula ndi kujambula. Ine ndinkayenda mbali ya kuthanthwe, asewere mbali ya kuphompho, popanda wouza mnzake. Tinakumana ndi onyamula katundu awiri akukwera, mitengo ya nsungwi ikulira pa mapewa awo, ndipo asewere anapatuka, nandikoka kuti nanenso ndipatuke, pakuti paphiripo wosenza ndiye mwini njira. Kukongola kwa madzulo amenewo sindinakuonepo kwina kulikonse, koma ndinakuona ndi mtima wolemera.

Usiku ndinamuitana mwana wanga panja. Ndinamufunsa kuti mwanayu adzakhala wa yani. Iye amapita ku tchalitchi mumzinda umene amagwira ntchito, ndipo nthawi zina mkazi wake amamuperekeza, koma za ubatizo wa mwana anali asanagwirizane. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, “Bambo, mwanayu ali ndi agogo awiri. Mmodzi amamuona tsiku lililonse. Winayo wabwera sabata ino.” Sananene mwachipongwe. Ndinakumbukira tsiku limene tinavina pakhomo pathu kalata ya maphunziro ake itafika. Walira mvula walira matope. Tinapemphera limodzi pamenepo, m'Chichewa, ndipo ndinamva kuti mawu ena ayamba kumuvuta.

Masiku otsalawo ndinawagwiritsa ntchito monga ndikanathera. Madzulo aliwonse ndinkamutenga mdzukulu pa miyendo, kumuphunzitsa kupinda manja ndi kunena pemphero lalifupi la chakudya m'chinenero chathu. Asewere ankaona, ndipo sanaletse ngakhale kamodzi. Tsiku lina mwanayo ataiwala, ndiwo amene anamukodola kuti adikire agogo ake apemphere. Kamodzi kokha ndinapempha mwana wanga kuti andimasulire, ndipo ndinawauza asewere za chiyembekezo changa, kuti akufa adzauka, ndi chifukwa chake ndimakhulupirira motero. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anayankha kuti ali anyamata, m'zaka za chipwirikiti za 1966 mpaka 1976, kufukiza lubani kunali mlandu, ndipo mayi awo ankayatsa kamtengo kamodzi usiku m'khitchini, zitseko zili zotseka. Anati amadziwa kulemera kwa chinthu chimene munthu wachisunga movutika, ndipo ndicho chifukwa sanakhumudwe pamene ndinakana lubani wawo. Sanapitirire apo, inenso sindinakakamize. Mwina ndikanayenera kuyamba msanga, osadikira sabata yotsiriza.

Ndinafunsanso, kudzera mwa apongozi, za timitengo titatu tija ndinakana, pakuti ndinaona kuti anatiyatsa pamodzi ndi tawo. Anati tawo tinali ta akazi awo. Tanga anayatsira mayi akunyumba kuno, kuti maondo awo apole, adzathe kubwera kudzaona mdzukulu wawo. Sindinadziwe choyankha. Sindikhulupirira kuti utsi umenewo uli ndi kumene unafika, ndipo sindikanawapempha kuti atero. Koma munthu amene sanawaonepo mayi, anakwera phiri ndi bondo lolemala nawakumbukira pamalo amene iye amawayesa opatulika koposa onse. Nditawafotokozera mayi nditafika, anakhala duu, kenaka anati dzina la aseweredwa tililembe pa kapepala ka m'Baibulo lawo, pamene pali maina a anthu amene amawapempherera m'mawa uliwonse. Kalembedwe kake kanatikanika, mwana wathu anachita kutitumizira pa foni, ndipo mayi anakopera zilembozo mzere ndi mzere ngati akujambula maluwa a pa nsalu.

Tsiku lonyamuka ndinawabwezera ndodo yawo ya nsungwi. Anaikankhira kwa ine, nanena mawu amene mwana wanga anamasulira kuti si yanga, ndi ya mayi. Pa bwalo la ndege inandivutitsa, mpaka anachita kuikulunga ndi kuiika pamodzi ndi katundu wa pansi, koma inafika yosathyoka. Ndi yomwe ija mumawaona nayo mayi Lamulungu m'mawa, akukwera masitepe atatu a pakhomo la tchalitchi.